Amayi Anapita Kumanda Popanda Nyimbo

Amayi anga ankayimba pa maliro a aliyense. Kwathu ku Phalula munthu akamwalira, uthenga unkafika pakhomo pathu usanafike ndi kwa abale ena omwe, chifukwa pa gulu la amayi a mumpingo mwathu woyambitsa nyimbo anali iwowo. Mawu awo sanali okoma kwenikweni, ndisaname, anali aakulu ngati a mwamuna. Koma akangoyamba, amayi onse ankavomera, ngakhale amene anangobwerera chakudya. Amayi angawo ankasiya tomato wawo pamsewu, n'kuvala bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku yoyera, ulendo. Yunifolomu imeneyi ankaisita ndi ayironi ya makala n'kuisunga m'sutikesi, ndipo ife ana sitinkayerekeza kuikhudza.

Ankakonda kunena akuseka kuti, "Ine ndilibe ng'ombe, ndilibe nyumba ya malata. Koma tsiku langa likadzakwana mudzandiveke zoyerazi, anzanga adzandiperekeze ndi nyimbo mpaka kumanda. Malipiro anga ndi amenewo basi." Pa dziko lonse lino anangopempha zimenezo, ndipo nyimbozo anamanidwa.

Tinabadwa awiri, ine ndi mng'ono wanga. Bambo anapita ku Joni tili aang'ono, ndipo kuno kunangofika mbiri yoti anakwatira komweko. Mng'ono wangayo anayamba kugwa khunyu asanayambe ndi sukulu yomwe. Ankatha kumaseka bwinobwino, kenaka maso tembenu, thupi gwa, n'kugwa pansi akuphupha, thovu lili kukamwa. Matendawa anamusiya ndi nzeru za mwana mpaka kukula. Akagwa, anthu ankamwazikana, poti kwathu amati ukakhudza thovulo nawenso uyamba kugwa. Amayi okha ndi amene ankagwada, n'kuika mutu wake pamiyendo pawo, n'kumamuyimbira chapansipansi mpaka atatsitsimuka.

Kuchipatala ankapita naye. Mapiritsi akapezeka ankamwa, akasowa ankabwerako chimanjamanja. Kutchalitchi ankamupempherera, ndipo mawu anali amodzimodzi chaka ndi chaka: "Amayi, awa ndi mayesero. Pirirani. Mulungu amayesa amene amawakonda." Ha! Ine mawu amenewa ndinawamva mpaka makutu kuwawa. Ndinkadzifunsa kuti nanga enawa, a ana onenepa ndi nkhokwe zodzazawa, Mulungu amadana nawo? Koma amayi ankavomera ndi mtima wonse. Ndikang'ung'udza ankandidzudzula kuti ndili ndi pakamwa poipa ngati bambo anga.

Amayi anali ndi mnzawo, mayi wachiyao wa ku Liwonde, Msilamu, amene ankabwera pa minibasi ndi dengu la milamba yowamba ndi matemba kudzagulitsa pafupi ndi benchi yathu ya tomato. Ankaitanana kuti achemwali, ndipo ankadya m'mbale imodzi. Mayi ameneyu sankathawa mng'ono wanga akagwa. Kwa zaka zambiri ankawauza amayi kuti kwawo kuli shehe amene amalemba mawu pa kapepala, n'kukasokerera m'kachikopa, mwana n'kuvala m'chiuno. Amayi ankangoseka. "Iyayi achemwali, ine ndine wa yunifolomu. Zimenezo kwathu amadula nazo mumpingo." Nkhani inkathera pomwepo, n'kuyamba kukangana za amene tomato wake kapena nsomba zake zikuitana ntchentche.

Kenaka kunabwera tsiku la mbaula. Inali nyengo ya chimanga chachiwisi, ndipo tinkawotcha pamsewu kuti tigulitse kwa apaulendo. Minibasi itaima, ine ndi amayi tinathamangira ku mawindo ndi mbale zathu. Mng'ono wanga anatsala akutembenuza chimanga, ntchito imene ankaikonda. Titacheuka tinaona anthu akuthawa. Anali atagwera pa mbaula, mkono wonse uli pa makala, akuphupha, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene anamukoka. Amuna athunthu anangoima patali akukuwa kuti, "Mayi, mwana wanu uko!" Amene anadzamukoka ndi mayi wa nsomba uja. Fungo la tsiku limenelo sindidzaliiwala, ndipo mpaka lero chimanga chowotcha sindidya.

Anakhala nthawi yaitali m'chipatala. Atatuluka, mkono unali utapindika, zala zitamatirirana. Amayi a mumpingo anabwera kudzazonda ndi mabanzi ndi shuga, anapemphera, n'kunena kuti awa ndi mayesero. Sabata yotsatira, ndikumusambitsa mng'ono wanga, ndinapeza kachingwe kakuda m'chiuno mwake, pali kachikopa kosokedwa kakang'ono ngati chala chachikulu. Ndinawayang'ana amayi. Iwo anati, "Usandiyang'ane choncho. Musambitse mwanayo, madzi akuzizira."

Chinthu chobisika pamudzi sichikhalitsa. Lamulungu lina la mgonero, tchalitchi chitadzaza, mng'ono wanga anagwa pakati pa mapemphero. Pophupha paja bulauzi inakwera. Amene anathamanga ndi chitenje kudzamufunditsa anali atcheya a gulu la amayi, akazi awo a mkulu wa mpingo wa dera lathu. Anafunditsa ndithu, koma maso anali ataona kale. Anadzuka mwakachetechete n'kukanong'oneza amuna awo. Mbale ya mkate itafika pa mzere wa amayi anga, inawadumpha.

Anawaitanira ku bwalo la akulu a mpingo, m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Ine ndinakhala pakhonde, ndipo chitseko chinali chotsegula chifukwa cha kutentha. Mkulu wa mpingo uja sanali munthu woipa, ndipo chimenechi ndi chomwe chimandipweteka kwambiri. Anali bambo wofatsa, wa njinga yakuda, amene nthawi ya njala anatipatsapo gaga. Anayankhula motsitsa mawu.

"Amayi, Satana wakupezani pa nthawi yofooka. Tonse timayesedwa. Njira ilipo. Dulani chithumwacho, tichitenthe pano, mukhale m'kalasi ya olapa kwa kanthawi, kenaka mubwerere pa mgonero ndi pa gulu lanu."

Amayi anafunsa kuti, "Abambo, tsiku lija mwanayu anagwera pamoto, pamsewu paja panali Akhristu angati?"

"Imeneyo ndi nkhani ina, amayi."

"Kwa ine ndi yomweyo. Ndikadula, akagweranso pamoto, mudzabwera kudzamukoka ndinu?"

Wina anatsokomola. Mapeto ake anawadula mumpingo mpaka tsiku limene adzadule chingwecho, ndipo anawauza kuti yunifolomu asavalenso. Potuluka ndinali nditatupa ndi mkwiyo, ndikufuna kubwerera kuti ndikawatukwane onse mmodzimmodzi. Amayi anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tiye, tomato akupsa ndi dzuwa."

Mungaganize kuti anasiya tchalitchi. Iyayi! Lamulungu lililonse ankapita, n'kukakhala pa benchi ya kumbuyo pafupi ndi chitseko, pamodzi ndi atsikana otenga mimba zapathengo ndi bambo wina wofulula kachasu. Chopereka ankaponya. Mgonero ukayamba ankatuluka n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango. Pa maliro ankapitabe, atavala chitenje wamba, n'kukhala kunja ndi amayi ophika. Mkati mwa siwa nyimbo inkayambitsidwa ndi atcheya, mawu ali pamwamba ngati khwangwala wodwala, anthu n'kumavomera mosokonezeka. Ndinkawaona amayi akusenda anyezi, milomo ikuyenda yokha popanda mawu. Ndinkalakalaka atangolira kuti ndipeze powatonthozera, koma sanalirepo pamaso panga.

Tsiku lina ndinawafunsa mosapsatira. "Amayi, kodi inu mumakhulupiriradi kuti kachikopa kameneka kamagwira ntchito?" Zoona zake n'zakuti mng'ono wanga anali atachepetsako kugwa, komanso nthawi imeneyo mapiritsi ankapezeka. Anandiyankha akusankha nyemba m'lichero. "Kaya. Sindikudziwa, mwanawe. Koma chimangireni sanagwerenso pamoto. Ukufuna ndiyesere pa thupi lake kuti ndidziwe?"

Zaka zinapita choncho. Ine ndinakwatiwa ku Liwonde n'kuyamba kusoka zovala pakhonde la sitolo ina pafupi ndi siteji. Kenaka amayi anayamba kudwala m'mimba. Anawonda, miyendo inatupa, ndipo kuchipatala anatiuza kuti tizingowasamalira kunyumba. Aliyense amadziwa tanthauzo la mawu amenewo. Ndinatseka makina anga n'kubwerera ku Phalula. Mantha anga sanali a imfa yokha. Lamulo la mpingo wathu ndinkalidziwa: munthu akafa ali wodulidwa, mpingo suyendetsa maliro ake. Kulibe ulaliki, kulibe yunifolomu, kulibe nyimbo. Anthu amabwera ngati anansi chabe.

Masana ena ndinamva belu la njinga panja. Anali mkulu wa mpingo uja, tsopano imvi zili mbuu. Analowa, anakhala pa mpando, amayi ali gone pamphasa, mng'ono wanga ali pambali pawo akuwaingitsira ntchentche ndi dzanja lake labwinolo. Atapemphera, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa lezala latsopano, likadali m'pepala lake.

"Amayi, sindinagone chifukwa cha inu. Ndakambirana ndi anzanga. Za kalasi tazisiya, nthawi yatha. Mungodula chingwecho ine ndikuona. Lero lomwe mubwerera mumpingo, ndipo ndikubweretserani mgonero pamphasa pomwepa."

Ndinawapempha abambowo kuti atuluke pang'ono, ndipo ndinagwada pafupi ndi khutu la amayi. "Amayi, dulani. Chonde dulani. Mawa m'mawa ine ndikwera minibasi, ndikawapeza achemwali anu, tikatenga china kwa shehe, ndidzamumanga ndekha. Palibe adzadziwe. Mulandire nyimbo zanu."

Anatembenuza mutu n'kundiyang'ana ndi maso aja ankandiyang'ana nawo ndikaba shuga. "Iwe, ukuti ndinamize Mulungu ndili pamphasa yofera? Ndilape pakamwa, mawa ndimangenso? Ameneyo ndiye Satana weniweni, wabwera ndi pakamwa pako."

"Ndiye dulani zenizeni!" ndinatero ndikulira.

"Nanga ine ndikapita, uyu akamagwa adzamugwira ndani? Iwe uli ndi banja lako, sungamuyang'ane usana wonse. Ndilibe china chomusiyira. Ngati ndinachimwa, ndinachimwa Mwini wake akuona, ndipo ndikafotokoza ndekha ndikafika. Aitane abambowo."

Atalowa, amayi anawathokoza chifukwa cha ulendo wawo ndi chifundo chawo, n'kuwauza kuti lezalalo akametere ndevu. Mkuluyo anatuluka misozi ili m'maso. Ndinawaona akukankha njinga osakwera mpaka kukafika kumsewu. Inenso ndinatuluka n'kukakhala kuseri kwa nyumba, nditakwiyira amayi, mkuluyo, shehe amene sindinamuonepo, ndi Mulungu yemwe. Sipanapite nthawi yaitali, amayi anamwalira m'mawa wina dzuwa litangotuluka.

Mwa mwambo wake, mayi wa pa gulu akamwalira amamusambitsa ndi kumuveka ndi anzake a yunifolomu. Kwa ife sanabwere kudzagwira ntchito imeneyo. Amene anabwera ndi mayi wa nsomba uja, pa minibasi yoyamba, akulira kuchokera kumsewu. Iye ntchito yosambitsa maliro ankaidziwa kuchokera kwawo. Tinatseka chitseko awiriwiri, tinawasambitsa, tinawaveka, kenaka tinawakulunga m'bulangete mpaka m'khosi ndi kuwafunditsa chitenje kumutu. Oona nkhope anaona nkhope yokha.

Anthu anabwera ambiri, zimenezo sindingawanamizire. Amayi a mumpingo anabwera onse, atavala zitenje wamba. Anabweretsa nkhuni ndi ufa, anatunga madzi, anaphika, anatsuka mbale. Anachita chilichonse kupatula chinthu chimodzi chimene mwini maliro anapempha. Mkulu wa mpingo anakhala pakati pa amuna, manja ali pachibwano. Bokosi litanyamuka, tinayamba ulendo wa kumanda tili chete. Abale, kodi munayendapo ndi maliro opanda nyimbo? Umamva mapazi a anthu pa fumbi. Umamva bokosi likukhuluzika pa mapewa a adzukulu. Umamva malole akudutsa kumsewu waukulu, ndi mbuzi ikulira kutsidya. Amayi amene anaperekeza mudzi wonse ndi nyimbo ankapita ngati katundu.

Tili pakati pa njira, mng'ono wanga anayamba kuyimba. Palibe anamuuza. Iye za malamulo a mpingo sankazidziwa, ankangodziwa kuti bokosi likanyamuka pamayimbidwa, ndipo anaona kuti anthu achedwa. Inali nyimbo ija amayi ankamuyimbira akagwa. Anayamba mzere woyamba, n'kuima kudikira kuti anthu avomere monga ankachitira ndi amayi. Kunali zii. Anacheuka n'kuwayang'ana amayi a mumpingo aja modabwa, n'kuyambanso. Ziii. Ndinaona gogo wina akutsegula pakamwa, kenaka anayang'ana kwa atcheya, n'kudzitseka pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Kachitatu ndinavomera ine. Mayi wa nsomba, amene mawu ake sankawadziwa, anayamba kung'ung'uza kutsatira ife. Ndiye kwaya ya amayi anga imeneyo: wakhunyu, telala wolusa ndi Msilamu. Tinayimba mzere womwewo mobwerezabwereza, poti mng'ono wanga ankadziwa womwewo basi, mpaka adzukulu anatsitsa bokosi. Anthu oposa zana anali nafe, onse odziwa nyimboyo mpaka kumapeto, ambiri a iwo anaiphunzira kwa amayi omwewo.

Lero mng'ono wanga ndimakhala naye ku Liwonde. Amakhala pafupi ndi makina anga n'kumatola tizidutswa ta nsalu. Chingwe chija chinaduka chokha dzinja lotsatira, ndikumusambitsa. Chinali chitafumbwa ndi thukuta, chinangogwera m'beseni. Ndinachitola n'kukhala nacho m'manja, ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Kanthu kameneka, kosalimba ngati ulusi wa pa kaunjika, ndi kamene kanawadyera amayi nyimbo zawo! Sindinamange china. Amagwabe apo ndi apo, monga ankagwera ali nacho, ndipo mbaula ndimaphikira kutali ndi iye.

Kutchalitchi ndimapita, musadabwe, ngakhale ndimakhala kumbuyo mwa kufuna kwanga. Mulungu sindinamusiye, tili ndi nkhani yoti tidzakambirane. Koma mlaliki akayamba zoti masautso ndi mayesero, thupi langa limatentha. Zaka zonse zija ankati woyesedwa ndi amayi. Mwina n'zoona. Koma ine ndinalipo pamsewu tsiku la mbaula, ndinalipo pa njira ya kumanda, ndipo ndinaona anthu ena akufunsidwa kanthu kakang'ono kwambiri: kutambasula dzanja, kutsegula pakamwa. Amenewo palibe anawaitanira ku bwalo. Amayi anapatsidwa mwana wodwala, mwamuna wothawa ndi lezala pamphasa yofera, ndipo sananame ngakhale kamodzi. Ngati kumeneko ndi kugwa m'mayesero, kaya kupambana kwake kumaoneka bwanji.

Nditsirize ndi atcheya. Patapita masabata angapo chiikireni maliro, ndisanabwerere ku Liwonde, anabwera kunyumba masana ndikuanika mphale. Anapereka moni wautali, anapepesa, ananena kuti amayi anali munthu wabwino koma Satana ndi wochenjera, ndipo ine ndipirire poti awa ndi mayesero. Ndinangoti zikomo. Kenaka anafika pa chimene anabwerera.

"Mwanawe, paja yunifolomu ya amayi ako inali ikadali yabwinobwino, ankaisamala kwambiri. Ndiye pali mtsikana wina akulowa pa gulu mwezi uno koma ndi wosowa. Tinaganiza kuti m'malo moti izingodyedwa ndi njenjete m'sutikesi, utipatse. Ndi ya mpingo, paja amayi ako anali ataletsedwa kuvala."

Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga sutikesi ija, ndinaiika patsogolo pawo n'kuitsegula. Munali ayironi ya makala yokha.

"Ili kuti?" anafunsa.

"Anavala eni ake," ndinatero. "Bulauzi, siketi ndi duku yomwe. Ndinasita ndekha, ndipo duku anawamanga ndi achemwali awo a nsomba aja, pansi pa chitenje. Munayenda nayo inu nomwe mpaka kumanda."

Atcheya anagwira pakamwa. "Mayo! Wachita chiyani iwe? Wodulidwa savala zoyera! Nkhani imeneyi ikafika ku bwalo!"

Ndinapita pa nkhokwe, ndinatenga khasu la amayi, ndinabwera n'kuliika pa mapazi awo.

"Manda mukuwadziwa," ndinatero. "Kafukuleni."